Marikana m'mabuku ndi m'makanema: mafunso ndi mayankho kwa adzukulu a matchona

Pabwalo la agogo anga aamuna panali chipewa cholimba cha m'mgodi chimene nkhuku zinkamweramo madzi. Tinakula tikuchidumpha pothamangitsana, osafunsako kuti chinafika bwanji pamudzi. Agogowo anapita ku Joni kawiri pa Wenela. Anabwerako ndi njinga, bulangeti lolemera, wailesi, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka tsiku limene tinawaperekeza kumanda. Za njingayo ankakamba osatopa. Za pansi pa nthaka, kukamwa kunali gwa.

Chipewa chija ndinachikumbukira nditaonera kanema wonena za anthu 34 amene apolisi anawapha powaombera ku Marikana, kufupi ndi Rustenburg, mu 2012. Chiyambire pamenepo ndakhala ndikusakasaka mabuku ndi makanema a nkhaniyi, ndipo anzanga akaona mulu wake patebulo amandifunsa mafunso omweomwewo. Nawa mafunsowo, pamodzi ndi mayankho amene ndingathe kuwaimirira.

Kodi Rustenburg ndi Marikana kuli kuti, ndipo kumatchuka ndi chiyani?

Rustenburg ndi tawuni ya m'chigawo cha North West ku South Africa, m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg, ulendo wa maola pafupifupi awiri pagalimoto kuchokera ku Johannesburg. Inakhazikitsidwa mu 1851, ndipo dzina lake limatanthauza mudzi wopumulirako. Mpumulowo unatha ndi miyala. Mu 1924 katswiri wa za miyala Hans Merensky anatsimikiza kuti kum'mawa kwa dzikolo kuli mzere wa miyala ya pulatinamu, ndipo posakhalitsa mzerewo anaulondola mpaka ku Rustenburg. Mpaka lero umatchedwa Merensky Reef.

South Africa imakumba pafupifupi 70 peresenti ya pulatinamu yense wa padziko lapansi. Wambiri amathera kunsi kwa galimoto, m'kachipangizo ka papaipi kamene kamasefa utsi woipa. Wina amathera pachala cha mkwatibwi. Mu 2012 makampani akuluakulu okumba kumeneko anali atatu: Anglo American Platinum, Impala ndi Lonmin. Marikana, kum'mawa kwa Rustenburg, kunali kwa Lonmin.

Ntchito yowawa kuposa zonse ndi ya obowola miyala. Munthu amakhala chogwada kapena chonjuta m'kamphako kotentha, denga lili pamutu pomwepa, atagwira makina olemera amene amagwedeza thupi lonse, madzi akuthovoka, phokoso lotseka makutu. Ambiri mwa iwo ndi ochokera kumidzi ya ku Eastern Cape, ena ku Lesotho ndi ku Mozambique. Pansipo amamvana m'Chifanakalo, chilankhulo chomwe chija agogo athu ankatukwanira ng'ombe akakwiya.

Nanga mu Ogasiti 2012 kunachitika zotani?

Obowola miyala a ku Lonmin ankati ndalama imene amatenga pamwezi, yapakati pa R4,000 ndi R5,000, siikwana, ndipo ankafuna R12,500. Pa 10 Ogasiti ananyanyala ntchito n'kuguba kupita kumaofesi a kampani. Mabwana anakana kukambirana nawo, nati madandaulo adzere kubungwe la anthu apantchito la NUM. Koma bungwelo anthu anali atasiya kulikhulupirira. Mawa lake ataguba kupita kuofesi ya NUM anawalandira ndi mfuti, ndipo awiri anavulala. Kuyambira tsiku limenelo anasamukira pakaphiri ka miyala pafupi ndi zisakasa za Nkaneng, atanyamula mikondo, zikwanje ndi zibonga.

Pofika pa 14 Ogasiti anthu khumi anali atafa kale: alonda awiri a kampani, apolisi awiri, ndi ogwira ntchito asanu ndi mmodzi. Lachinayi pa 16 Ogasiti, nthawi itatsala pang'ono kukwana 4 koloko madzulo, apolisi anayamba kutambasula waya wamingaminga. Gulu la anthu linatsika kaphiri kulowera ku Nkaneng, ndipo pokhota pakhola lina la ng'ombe linapezana ndi mzere wa apolisi onyamula mfuti zankhondo za R5. M'masekondi ochepa okha zipolopolo mazanamazana zinatuluka. Pamenepo panafa anthu 17. Patapita mphindi zingapo, enanso 17 anaphedwa pakati pa miyala ya kaphiri kena kakang'ono kumene anathawira. Ovulala anali 78.

Ndiye kunachitika chodabwitsa. Anthu 270 amene anamangidwa anawatsegulira mlandu wopha anzawo omwewo, pogwiritsa ntchito lamulo limene boma la tsankho linkalikonda, loti amene anali m'gulu asenze zonse zotsatira. Dziko litakuwa, mlanduwo anauimitsa patangopita masiku ochepa. Sitalaka inatha pa 18 Seputembala, malipiro atakwezedwa mpaka ndi 22 peresenti.

Munthu amene sanaonepo kalikonse ayambire pati?

Ayambire pa kanema wa Miners Shot Down, amene anakonza Rehad Desai n'kumutulutsa mu 2014. Kanemayu amayenda tsiku ndi tsiku, sabata yonse mpaka pa 16 Ogasiti, ndipo mphamvu yake ili pa zithunzi zimene anajambula apolisi eniake, alonda a Lonmin ndi atolankhani. Woonera sauzidwa, amadzionera.

Pali malo awiri amene sachoka m'mutu. Oyamba ndi a pa 13 Ogasiti, pafupi ndi njanji. Mkulu wa apolisi William Mpembe waimitsa gulu la onyanyala ndipo akuti atule zida. Iwo anjuta pansi mwadongosolo. Mtsogoleri wawo Mgcineni Noki, amene anzake ankamutcha Mambush, akuyankha mwaulemu ngati munthu wolankhula pabwalo la mfumu: sakulimbana ndi apolisi, akufuna abwana awo, ndipo apolisi angowaperekeza kukaphiri. Mpembe ayamba kuwerenga manambala. Gululo linyamuka pang'onopang'ono likuimba motsitsa, zitsulo zikugundana. Kenaka utsi wokhetsa misozi uphulika, ndipo zikatha pali mitembo isanu. Noki yemweyo, amene dziko linamudziwa ndi bulangeti lake lobiriwira, anafa patapita masiku atatu.

Achiwiri ndi a masana a pa 16. Joseph Mathunjwa, mtsogoleri wa bungwe lina la anthu apantchito la AMCU, wagwada pansi pamaso pa khamulo, akulichonderera kuti lichoke chifukwa waona kuti apolisi atsimikiza mtima. Munthu wamkulu kugwadira anthu amene amamutcha mtsogoleri si chinthu chopepuka kwathu kuno, ndipo kumenekonso si chopepuka.

Kanemayu analandira mphoto ya International Emmy mu 2015. Kwawo komweko, nyumba zoulutsa mawu ndi zithunzi zimene anthu wamba amaonera mwaulere zinamuzengereza nthawi yaitali. Anthu ankamuonera m'maholo, m'matchalitchi ndi m'masukulu, mpaka e.tv inamuonetsa kumayambiriro kwa 2016.

Koma sakukondera kodi? Si paja anthuwa anali ndi zikwanje, ndipo ena amati anatemera?

Akukondera, ndipo Desai sabisa: iye anali mmodzi mwa otsogolera gulu lothandiza mabanja a ophedwa. Chofooka cha kanemayu chili pomwepo. Imfa za alonda awiri amene anaphedwa mwankhanza pa 12 Ogasiti, ndi za ogwira ntchito amene anaganiziridwa kuti ndi akazitape kapena akupita kuntchito mozemba, amazidutsa mofulumira. Anthu amenewonso anali ndi akazi ndi ana. Woonera azikumbukira zimenezo.

Za mankhwala nazonso n'zoona. Umboni unaperekedwa woti ena mwa onyanyala anaitana sing'anga n'kutemera mphini pokhulupirira kuti zipolopolo sizilowa. Apolisi anakakamira kwambiri mfundo imeneyi pofuna kuonetsa kuti gululo linkawathamangira lopanda mantha. Zithunzi zimaonetsanso mmodzi mwa onyanyalawo akuomba mfuti yaing'ono.

Komabe mphini sizifotokoza zinthu zina. M'mawa wa tsikulo, munthu asanaomberedwe ndi mmodzi yemwe, apolisi anali ataitanitsa kale zipolopolo zina 4,000 ndi magalimoto anayi onyamula mitembo. Ena mwa ophedwa anaomberedwa kumsana. Ovulala pakhola paja anagona pafumbi pafupifupi ola lathunthu achipatala asanafike. Munthu woitanitsa galimoto ya maliro kusanafe munthu amakhala akudziwa chimene akukachita. Kanemayu amalimba pamenepa, ngakhale akufooka pena.

Makamera a atolankhani anajambula pakhola pokha. Za kaphiri kachiwiri zinadziwika bwanji?

Apa ndiye pali phunziro kwa aliyense wogwira cholembera. Masiku oyambirira dziko lonse linkakhulupirira kuti anthu onse 34 anafera pamalo amodzi amene tinaona pa TV. Atolankhani ambiri ankafunsa apolisi, mabwana ndi andale. Amene anapita kukakhala pansi ndi ogwira ntchito eniake anali kagulu ka ofufuza a ku University of Johannesburg motsogozedwa ndi Peter Alexander. Opulumuka ndiwo anawalozera malo achiwiri. Zimene anamva anazisindikiza chaka chomwecho m'buku lotchedwa Marikana: A View from the Mountain and a Case to Answer, limene analemba pamodzi ndi Thapelo Lekgowa, Botsang Mmope, Luke Sinwell ndi Bongani Xezwi. Linalembedwa mothamanga ndipo zimaoneka, koma mbali yake yaikulu ndi mawu a anthu a m'mgodi momwe anawalankhulira. Palibe buku lina limene limawapatsa bwalo lotere.

Wachiwiri anali Greg Marinovich, wojambula zithunzi amene analandira mphoto ya Pulitzer mu 1991 chifukwa cha zithunzi za ziwawa za m'makomboni a Johannesburg. Iye anayenda pakati pa miyala ija n'kuona zilembo za penti yachikasu zimene ofufuza a polisi analemba pamene panagona mtembo uliwonse. Anaona kuti pena munthu anafera m'kampata kotsekeka ndi miyala mbali zonse, moti womuombera anayenera kukhala pafupi kwambiri. Nkhani yake inatuluka mu Daily Maverick kumapeto kwa Ogasiti 2012, ndipo mu 2016 anatulutsa buku la Murder at Small Koppie, limene linalandira mphoto ya Alan Paton mu 2017.

Mwa mabuku onse, la Marinovich ndi limene ndingapatse munthu wofuna limodzi lokha. Limawerengeka ngati nthano, silibisa nkhanza za mbali iliyonse, ndipo limakulowetsa m'chisakasa, m'ngongole za katapila, ndi kumudzi kumene ndalama ija imayembekezeredwa.

Amayi ali kuti m'nkhani yonseyi?

Mu Miners Shot Down pafupifupi mulibemo, ngati kuti pakaphiri paja chakudya chinkadzibweretsa chokha. Mpata umenewu anautseka Aliki Saragas ndi kanema wake wa 2017, Strike a Rock. Amatsatira amayi awiri a ku Nkaneng, Primrose Sonti ndi Thumeka Magwangqana, amene anatsogolera gulu la amayi lotchedwa Sikhala Sonke, kutanthauza kuti tikulira limodzi. Mu 2014 mayi Sonti analowa m'nyumba ya malamulo kudzera m'chipani cha EFF n'kupita ku Cape Town, mnzawo n'kutsala m'matope a Nkaneng. Kanemayu ndi wa ubwenzi umene ukukokedwa ndi mtunda, maudindo ndi kukayikirana. Aliyense amene anaonapo mnzake wa kumpingo kapena wa kubanki m'khonde atasankhidwa kukhala phungu adzaimva nkhaniyi.

Ubwino wina wa kanemayu ndi woti amaonetsa chimene chinabala sitalaka. Nyumba za malata zokhazokha, misewu yoterera mvula ikagwa, mizere ya zigubu podikira madzi, chonsecho nsanja za mgodi zikuwala usiku chapafupi pomwepo. Pofuna chilolezo chokumba, Lonmin inalonjeza kumanga nyumba 5,500 za antchito ake. Pofika 2012 inali itamanga zitatu zachionetsero. Zitatu. Bungwe la Amnesty International linabwereranso kunkhaniyi mu lipoti lake la 2016.

Chifukwa china chili m'kandalama kamene makampani amapatsa wantchito wosafuna kugona m'hositelo. Munthu amatenga ndalamayo, n'kupeza chisakasa chotchipa, yotsalayo n'kutumiza kumudzi. Ambiri amathera posamala makomo awiri ndi malipiro amodzi, ndipo wakatapila amakhala akudikira pakhomo tsiku la malipiro.

Boma linafufuza? Alipo amene analangidwa?

Pulezidenti Jacob Zuma anakhazikitsa komiti yofufuza motsogozedwa ndi jaji wopuma Ian Farlam. Inayamba kumva umboni ku Rustenburg mu Okutobala 2012, kenaka inasamukira ku Centurion, ndipo lipoti lake linaperekedwa kwa anthu pa 25 Juni 2015. Maloya otchuka analipo: Dali Mpofu kuimira ovulala ndi omangidwa, Dumisa Ntsebeza kuimira mabanja, ndi nkhalamba George Bizos, yemwe uja anaimira Nelson Mandela pamlandu wa Rivonia.

Komitiyo inapeza kuti chiganizo chochotsa anthu pakaphiri chinamangidwa pamsonkhano wa akuluakulu a polisi usiku wa pa 15, kuti dongosolo lake linali lolakwika, ndiponso kuti apolisi anabisa zina pamaso pake. Inadzudzulanso Lonmin, mabungwe onse awiri, ndi onyanyala amene anachita ziwawa. Mkulu wa apolisi m'dziko lonse, Riah Phiyega, anaimitsidwa ntchito chaka chomwecho.

Dzina limene limavuta ndi la Cyril Ramaphosa. Iye ndiye anali mlembi wamkulu woyamba wa NUM mu 1982, natsogolera sitalaka yaikulu ya m'migodi ya 1987. Pofika 2012 anali mmodzi mwa akuluakulu oyendetsa Lonmin, ndipo pa 15 Ogasiti analemba makalata a pa intaneti onena kuti zochitikazo ndi zaupandu ndipo boma lichitepo kanthu. Komiti ya Farlam sinamupeze wolakwa. Mu 2017 anapepesa chifukwa cha mawu amene anagwiritsa ntchito, ndipo mu 2018 anakhala pulezidenti. Boma lalipira mabanja ena chipukuta misozi, koma zaka khumi zinakwana popanda wapolisi ndi mmodzi yemwe wopezeka wolakwa pa imfa za pa 16 Ogasiti. Buku la Julian Brown, Marikana: A People's History, la 2022, ndi lothandiza kwa wofuna kutsata umboni wa kukomitiko popanda kumira m'masamba ake mazanamazana.

Ife sitingadabwe kwambiri. Chaka chimodzi Marikana isanachitike, pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011, anthu 20 anafa m'mizinda yathu, ndipo manda a ena ali ku Zolozolo ku Mzuzu. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma amasiye amakalamba akuudikira.

Zonsezi n'za ku Joni. Ife Amalawi zikutikhudza pati?

Zikutikhudza chifukwa njira imene inatenga Noki kumudzi kwawo ku Eastern Cape ndi yomwe ija inatenga agogo athu ku Dedza, ku Mzimba ndi ku Mangochi. Mgodi umafuna mikono ya mwamuna, koma mkazi, ana, matenda ndi ukalamba wake zizitsala kumudzi. Bungwe la Wenela, limene pambuyo pake linadzatchedwa TEBA, ife n'kumati Theba, linakhazikitsidwira ntchito imeneyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, makamaka ya golide. Nyimbo ya Hugh Masekela yotchedwa Stimela, yonena za sitima yonyamula anthu a m'migodi, imatchula Malawi pakati pa maiko ochokerako anthuwo.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown ku Botswana, ndipo Amalawi 74 obwerera kwawo anafa. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a Wenela, ndipo zikwizikwi zinabwerera kumudzi. Kulembako kunayambiranso mu 1977, koma mochepa. Kunatheratu kuyambira 1988, Amalawi pafupifupi 200 atapezeka ndi kachilombo ka HIV, pamene boma la Malawi ndi eni migodi anasemphana pa nkhani yoyeza magazi. Pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa. Katswiri wa mbiri yakale Wiseman Chijere Chirwa wa ku Chancellor College analemba mozama za nkhaniyi, ndipo anaonetsa kuti matendawo anali chophimbira chabe: migodi inali itayamba kale kuchepetsa antchito ochokera kunja.

Masiku ano a kwathu amapitabe, koma pabasi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, popanda kontilakiti. M'makomboni ozungulira migodi amasoka zovala, amamanga, amagulitsa m'mashopu. Mgodi ukatseka kapena sitalaka ikatalika, nawonso mphika umazizira, ndipo kumudzi foni ya ndalama siilira.

Ndinamva kuti Lonmin ili pachibale ndi shuga wathu. N'zoona?

N'zoona. Lonmin ndi dzina limene kampani ya Lonrho inatenga mu 1999 itagulitsa kapena kupatula malonda ake ena n'kutsala ndi migodi. Lonrho inayamba mu 1909 ngati kampani ya migodi ndi malo ku Rhodesia, ndipo inakula kwambiri m'manja mwa Tiny Rowland, munthu amene ankalowa m'nyumba za atsogoleri ambiri a mu Africa ngati kwawo, kuphatikizapo kwa Kamuzu. Lonrho yomweyo ndiyo inatsegula minda ya nzimbe ndi fakitale ya Sucoma ku Nchalo m'zaka za m'ma 1960, kenaka ya ku Dwangwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Illovo inagula malonda a shuga amenewa mu 1997. Ku Britain komweko, nduna yaikulu Edward Heath inadzudzulapo Lonrho poyera m'nyumba ya malamulo mu 1973 chifukwa cha kayendetsedwe kake ka ndalama.

Choncho wodula nzimbe wa ku Nchalo ndi wobowola miyala wa ku Marikana anakhalapo ndi bwana mmodzi ku London, osadziwana. Lonmin nayo kulibenso: Sibanye-Stillwater inaigula mu 2019.

Nanga eni nthaka a kumeneko amapindula chiyani?

Zimatengera kuti ndi ati. Mtundu wa Bafokeng, umene likulu lake ndi Phokeng pafupi ndi Rustenburg, uli ndi mbiri yofunika kuti mafumu athu aimve. M'zaka za m'ma 1800 azungu atalanda malo awo, mfumu Mokgatle inatumiza anyamata kukagwira ntchito kumigodi ya dayamondi ku Kimberley, ndipo gawo la malipiro awo linkasonkhedwa kugulira malo omwewo. Popeza munthu wakuda sankaloledwa kukhala ndi chikalata cha malo, ankawalembetsa m'dzina la amishoni. Palibe ankadziwa kuti pansi pake pali pulatinamu.

Patapita zaka zambiri mtunduwo unalimbana ndi kampani ya Impala m'makhothi, mpaka mu 1999 anagwirizana kuti uzilandira gawo lokulirapo la phindu, limene pambuyo pake linasandutsidwa masheya. Ndalama za pulatinamu zinamanga masukulu, misewu, ndi bwalo la Royal Bafokeng, pamene Ghana inagonjetsa United States 2-1 pa World Cup ya 2010. Mbiriyi ili m'buku la Bernard Mbenga ndi Andrew Manson, People of the Dew, la 2010. Powerenga muzidziwa kuti midzi ina ya m'deralo imati malowo anagula ndi makolo awo, osati ufumu, ndipo mkanganowo unafika kukhothi.

Kuchokera pabwalo lokongola lija kukafika ku Nkaneng si ulendo wautali. Mwala ndi umodzi, koma wina anali ndi chikalata, wina anabwera ndi mikono yokha. Ife amene tinaona mgodi wa Kayelekera ukutsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014, ndipo tsopano tikumva za Kangankunde ndi Kasiya, tiyenera kufunsa msanga kuti chikalata chili m'manja mwa yani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kodi imfa zimenezi zinasintha kanthu?

Zinasintha, ngakhale mtengo wake unali magazi. NUM inataya mphamvu m'migodi ya pulatinamu, AMCU n'kutenga malo. Mu Januwale 2014 antchito pafupifupi 70,000 a makampani onse atatu ananyanyala miyezi isanu, akufunabe R12,500 yomwe ija. Inali sitalaka yaitali kuposa ina iliyonse m'mbiri ya migodi ya dzikolo. Buku la Luke Sinwell ndi Siphiwe Mbatha, The Spirit of Marikana, la 2016, limafotokoza momwe zonsezi zinayambira pansi: amuna ochepa kunong'onezana posinthira zovala, kusankha nthumwi zawozawo, osadikira ofesi. Ndi buku louma poyerekeza ndi la Marinovich, koma ndi limene limaonetsa kuti anthuwa anali oganiza ndi okonza zinthu, osati khamu lolusa chabe.

Apa Mmalawi ali ndi chonyadira. Bungwe loyamba lalikulu la antchito akuda ku South Africa, ICU, analiyambitsa ku Cape Town mu 1919 ndi Clements Kadalie wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia. Pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Kadalie anamwalira ku East London mu 1951, ndipo buku la moyo wake, My Life and the ICU, linasindikizidwa mu 1970. Ndi Amalawi angati analiwerenga?

Pansi pa nthaka ngozi sizinathe. Pa 27 Novembala 2023 chikepe chonyamula antchito chinatsika mwangozi pashafuti nambala 11 ya Impala ku Rustenburg, ndipo anthu 13 anafa. Mtengo wa pulatinamu ukagwa, makampani amachotsa anthu ntchito, ndipo galimoto zoyendera magetsi sizifuna kachipangizo kosefa utsi kaja.

Anthu a kumeneko amaikumbukira bwanji Marikana?

Chaka chilichonse pa 16 Ogasiti khamu limasonkhana pakaphiri paja, amasiye atakhala kutsogolo, maina a ophedwa akuwerengedwa. Chithunzi cha bambo wa bulangeti lobiriwira chili pazipupa ndi pamalaya. Ku Cape Town ndi kwina, anthu omanga zisakasa pamalo olimbirana atcha midzi yawo Marikana. Atolankhani ndi ojambula asanu ndi mmodzi analemba buku la We Are Going to Kill Each Other Today mu 2013, ndipo Aubrey Sekhabi analisandutsa sewero la nyimbo limene linaonetsedwa ku State Theatre ku Pretoria mu 2014. Ena ankafunsa ngati n'koyenera kuvina nkhani ya maliro. Ife amene timaimba usiku wonse pasiwa, ndipo gule amatuluka pamaliro, funso limenelo silitivuta.

Nanga nkhani ya matchona athu ili m'buku liti, m'kanema uti?

Ili m'mapepala a akatswiri, m'Chingerezi, m'malaibulale a mayunivesite. Zoë Groves analemba za Amalawi opita ku Zimbabwe, Chirwa analemba za Theba. Koma kanema wa Chichewa kapena Chitumbuka wonena za ndege ya ku Francistown, amene mwana wa sukulu ku Ntcheu angaonere pafoni, sindinakumane naye. Amene anapita pa Theba m'zaka za m'ma 1980 lero ndi madala, ndipo timawaona atanyamula timapepala tothaitha m'jumbo, akulondola ndalama zawo za penshoni. Ena akuyembekezera thumba la Tshiamiso, la R5 biliyoni, limene khothi linavomereza mu 2019 kuti lilipire odwala matenda a m'mapapo ochokera ku fumbi la migodi ya golide. Timawafunsa za ndalamazo. Za pansi pa nthaka sitiwafunsa.

Kagulu ka Alexander sikanachite zozizwitsa. Kanapita kumene kunali anthu, kanakhala pansi, kanatsegula chojambulira mawu n'kumvetsera, ndipo dziko linadziwa za anthu 17 amene makamera sanawaone. Chojambulira chotero chili m'thumba mwa mdzukulu aliyense lero. Mafunso ake ndi apafupi: munakwerera kuti, anakuyezani bwanji, munkagona angati m'chipinda, ndani sanabwerere?

Ine ndinachedwa. Agogo anapita ndi zonse zimene anaona, ndipo chipewa chija chitang'aluka ndi dzuwa tinachitaya kudzala. Pambali pake panali nambala yolembedwa ndi penti, imene kumgodi ankawaitanira m'malo mwa dzina. Pamudzi ponse palibe anaikopera.